Mapo doufu kachisanu ndi chinayi: tofu wanga wafika m'mbale ali wathunthu

Papita miyezi isanu ndi umodzi chiyambireni kuphunzira kuphika zakudya za ku Sichuan, chigawo cha kumwera chakumadzulo kwa China, ndipo nthawi yonseyi ndakhala ndikubwerezabwereza chakudya chimodzi chokha, chimene eni ake amachitcha mapo doufu. Loweruka lapitali ndinachiphika kachisanu ndi chinayi, ndipo kwa nthawi yoyamba tizidutswa tonse ta tofu, yemwe ndi mkaka wa soya woundanitsidwa, tinachoka m'chiwaya n'kufika m'mbale tili tathunthu, tikugwedera m'kati mwa msuzi wofiira popanda kena kosweka. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe zimene ndasintha zidakali m'mutu, chifukwa zambiri mwa izo n'zing'onozing'ono moti pofika mwezi wamawa ndikhoza kuziiwala.

Amene anandilowetsa m'zimenezi ndi mphwanga, yemwe anakhala zaka zinayi ku Chengdu, likulu la Sichuan, akuchita maphunziro. Pobwerako anatenga botolo lalikulu la doubanjiang, phala lofiira lokometsera ndiwo la nyemba ndi tsabola lochokera ku Pixian kufupi ndi Chengdu, ndi kathumba ka huajiao, makoko okometsera amene amachititsa dzanzi m'kamwa, ndipo tsiku lina anatiphikira chakudyachi. Nditaika supuni yoyamba m'kamwa, milomo inachita dzanzi ngati mmene umachitira mwendo munthu akaukhalira nthawi yaitali, tsabola n'kutsatira pambuyo, ndipo pakati pa zonsezi panali tofu wofewa ngati peyala lakupsa bwino. Iye ataona mmene ndinakhalira chete anati, "Achimwene, zimene mukumvazo zili ndi mayina awiri. Dzanzilo ndi ma, kuwawa kwa tsabolako ndi la, ndipo eni ake akaziphatikiza amati mala." Pochoka anandisiyira botolo lija ndi kathumba komwe.

Mbiri imene imakambidwa ku Chengdu ndi yakuti chakudyachi chinayambira pa kanyumba kodyera kamene kanatsegulidwa mu 1862 pafupi ndi mlatho wa Wanfu, kumpoto kwa mzindawo, mu ulamuliro wa mafumu a Qing. Wophika anali mayi wa ku banja la Chen amene nkhope yake inali ndi zipsera zonga za nthomba, ndipo dzina loti mapo limanena za mayi wachikulire wa nkhope yotero. Ambiri odzadya pamenepo anali amtengatenga onyamula mafuta ophikira, amene ankagula tofu ndi kanyama ka ng'ombe, n'kutapako mafuta pa katundu wawo, n'kupereka kwa mayiyo kuti awaphikire. Nkhaniyi inandithandiza kumvetsa chifukwa chake ndiwozi zimakhala za mafuta ambiri, za mchere ndi zootcha: zinali za anthu amene asenza katundu tsiku lonse ndipo akufuna kutsitsira mpunga wambiri. Ophika a ku Chengdu amayeza mapo doufu ndi mawu asanu ndi atatu, onena za dzanzi, kuwawa, kutentha, fungo, kukukutika kwa nyama, kufewa kwa tofu, kukoma, ndipo lomaliza ndi huo, kutanthauza chamoyo, ndiko kuti tofu aoneke wathunthu ndi wogwedera ngati ali ndi moyo. Mawu omalizawa ndi amene andisowetsa tulo miyezi yonseyi.

Vuto loyamba linali tofu weniweniyo. Kuno amapezeka mwa apo ndi apo m'masitolo ochepa, ndipo amene ndinkamupeza anali wolimba kwambiri, woyenera kukazinga osati kuphika mumsuzi. Komatu soya tili naye wambiri, alimi a ku Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe amamulima chaka ndi chaka, kungoti ambirife timamudziwira m'phala la ana ndi m'nyama ya soya ya m'mapaketi. Choncho ndinaganiza zoyamba kupanga tofu ndekha.

Ndimatenga magalamu 500 a soya wouma, n'kumusankha bwino kuchotsa timiyala ndi wofumbwa, kenaka n'kumuviika m'madzi ozizira usiku wonse. M'nyengo yozizira amafuna maola 10 kapena kuposerapo, koma kukatentha maola 7 amakwana, ndipo akapitirira amayamba kuchita thovu ndi kusasa. Chizindikiro chimene ndimadalira ndi kung'amba njere imodzi pakati: m'kati mukakhala mosalala popanda kadzenje kapakati, ndiye kuti madzi alowa mokwanira. Ndimamugaya pang'onopang'ono m'blenda ndi madzi okwana malita 4 onse pamodzi, n'kusefa pa nsalu yoyera ya thonje, n'kufinya mpaka gaga wotsalayo auma moti akhoza kuumbika m'manja. Pophika mkakawo pali msampha umene ndinaugweramo ulendo woyamba. Mkaka wa soya umafufuma ndi thovu lambiri usanawire kwenikweni, chifukwa cha saponin, zinthu zochita thovu ngati sopo zimene zili m'njerezo, ndipo munthu angaganize kuti wapsa n'kuuphula. Soya wosapsa amapweteketsa m'mimba, motero thovu likakwera ndimachepetsa moto, n'kupitiriza kutakasa mphindi 10 zathunthu, mthiko ukukhudza pansi pa mphika kuti mkaka usapserere. Ukangophulidwa pamwamba pake pamachita kachikopa kopyapyala, komwe ku China amakatola ndi kamtengo n'kukayanika, ndipo kakauma ndi chakudya pachokha chotchedwa fuzhu. Ine ndimangokadya pomwepo ndi kamchere.

Maulendo anayi oyamba ndinaundanitsa mkaka ndi madzi a mandimu, ndipo ulendo wachisanu ndi vinega. Mkaka unkadukadi ngati chambiko, madzi achikasu n'kupatukana ndi zoyera, koma tofu wake ankakhala wa mibulumibulu, wowawasa pang'ono, ndipo akangogunda msuzi wotentha ankanyenyeka ngati mazira otakasa. Pambuyo pake ndinaphunzira kuti ku China kuli njira ziwiri zazikulu zakale. Kumpoto amakonda lushui, madzi owawa amene amatsala popanga mchere, omwe ali ndi magnesium chloride, ndipo amatulutsa tofu wolimba. Kumwera amakonda shigao, ndiye jipisamu, amene ndi calcium sulphate, ndipo popeza amagwira ntchito pang'onopang'ono, tofu amaundana ali ndi madzi ambiri m'kati mwake n'kukhala wosalala ndi wofewa. Mwambo wa ku China umati tofu anamutulukira Liu An, kalonga wa ku Huainan amene anamwalira mu 122 BC, ngakhale kuti zolembedwa zomutchula momveka bwino zimayambira m'zaka za m'ma 900. Kaya anayamba ndani, luso lonse lagona pa kamphindi kameneka kamene mkaka umasanduka chinthu chogwirika.

Jipisamu wodyedwa anandigulira ndi alamu anga amene amayenda za malonda ku Johannesburg, ku Cyrildene kumene kuli masitolo ambiri a anthu ochokera ku China. Ndinene motsindika kuti uyu ndi wokonzedwera chakudya, ndipo munthu asayerekeze kugwiritsa ntchito jipisamu womangira nyumba. Pa magalamu 500 a soya ndimayeza magalamu 12, n'kusakaniza ndi theka la kapu ya madzi ofunda pansi pa mphika waukulu. Ufawu susungunuka kwenikweni, umangokhala pansi, choncho ndimautakasa mphindi yomweyo imene ndikufuna kuthira mkaka. Mkaka ukatsika kufika pa madigiri 85, ndimaukhuthulira mumphikamo kamodzi n'kamodzi kuchokera m'mwamba, kuti mphamvu ya kugwa kwake isakanize zonse, ndipo sindiikamonso mthiko. Ndimavundikira n'kudikira mphindi 20 osaugwedeza mphikawo ngakhale pang'ono. Tsiku loyamba kuchita zimenezi ndinavundukula n'kupeza chinthu chimodzi choyera mbee, chosalala ngati galasi, ndipo nditazika supuni pakati inaimirira yokha. Pa msinkhu umenewu amamutcha douhua, ndipo anthu a ku Sichuan amamudya momwemo ndi tsabola.

Popanikiza napo ndinasintha. Kale ndinkasanjika njerwa ziwiri kwa ola lathunthu, poganiza kuti tofu wolimba ndi amene sangasweke. Tsopano ndimatapa douhua ndi chipande n'kumuika m'sefa moyalidwa nsalu, n'kuvundikira ndi mbale, pamwamba pake n'kuikapo sefuliya ya madzi okwana lita imodzi, kwa mphindi 20 zokha. Ndinayeza pa sikelo n'kupeza makilogalamu 1.3, pamene wa mandimu uja sankafika ngakhale kilogalamu imodzi pa soya wofanana.

Ngakhale zinali choncho, ulendo wachisanu ndi chimodzi, wachisanu ndi chiwiri ndi wachisanu ndi chitatu tofu anaswekabe, ndipo apa ndi pamene ndinatsala pang'ono kutaya mtima, chifukwa ndinali nditakonza chilichonse chimene ndinkachidziwa. Ulendo wachisanu ndi chitatuwo ndinaimika foni pa shelefu kuti mphwanga azionera pa WhatsApp ndikuphika. Sipanapite nthawi anati, "Achimwene, taimani kaye. Mukuvundula, pomwe imeneyo si nsima. Tembenuzani chipande, mukankhe ndi kumsana kwake kuchokera kwa inu kupita kutsogolo, kamodzi kokha, ndiye mudikire." Ndinayang'ana dzanja langa n'kuona kuti akunena zoona. Dzanja limene laphunzira kuyambira paubwana kuzunguliza mthiko ndi kukanikizira ufa m'mbali mwa mphika limachita zimenezo lokha mwini wake asanaganize, ndipo mphamvu yomwe imachotsa mibulu mu nsima ndi yomweyo imene inkaphwanya tofu wanga. Sabata yonse yotsatira ndinkayeserera kukankha kumeneku ndi tizidutswa ta mbatata yophika m'chiwaya cha madzi, mpaka mkono unazolowera kuima.

Loweruka lapitali ndinachita motere. Ndinadula tofu m'tizidutswa ta masentimita 2 mbali zonse, n'kutiika m'madzi otentha a mchere pang'ono kwa mphindi zitatu osalola kuti abwadamuke, n'kutisiya m'madzi omwewo mpaka nthawi yake. Zimenezi zimalimbitsa kunja kwa tofu, zimachotsa fungo la soya wamuwisi, komanso zimachititsa kuti alowe mumsuzi ali wotentha kale. M'chiwaya chakuya chachitsulo ndinakazinga magalamu 100 a nyama ya ng'ombe yogaya m'mafuta okwana supuni zazikulu zisanu, kenaka ndinaphula chiwaya, n'kuchotsako makala ena pa mbaula. Poyamba ndinkakhulupirira kuti zakudya zonse za ku China zimafuna moto waukali, koma doubanjiang akapserera amawawa ngati mankhwala ndipo palibe chomubwezera. Iyeyu amapangidwa ndi nyemba zikuluzikulu zotchedwa candou, tsabola wofiira, mchere ndi ufa wa tirigu, ndipo ku Pixian, komwe lero kumatchedwa Pidu, amamusunga m'mitsuko yadothi yosavundikira, kumutakasa, kumuombetsa dzuwa masana ndi mame usiku, kwa chaka kapena zaka zingapo. Chinthu chimene anthu achisamalira motero sichiyenera kuonongeka m'masekondi khumi pa mbaula yanga. Ndinaika supuni ziwiri zazikulu pa moto wochepa, n'kutakasa modekha mpaka mafuta onse anasanduka ofiira psuu ndipo fungo linadzaza khitchini. Ndinatsatiza supuni imodzi ya douchi, yemwe ndi soya wakuda wofufumitsidwa ndi mchere, kenaka adyo, jinja ndi ufa wa tsabola wouma, ndipo pomaliza kapu imodzi ndi theka ya msuzi wa mafupa.

Tofu atalowa ndinakankha kamodzi, n'kusiya kuti aziwira pang'onopang'ono mphindi zisanu. Sitachi wosungunula m'madzi ndinamuthira katatu, osati kamodzi ngati kale, ndikumadikira pafupifupi theka la mphindi pakati pake. Chifukwa chake n'chakuti tofu amapitiriza kutulutsa madzi akamaphikidwa, moti msuzi wolimbitsidwa kamodzi umasukulukanso ukafika patebulo. Nditathira kachitatu ndinaona msuzi ukumamatira kadutswa kalikonse ndipo mafuta ofiira akuyandama okha m'mbali. Huajiao ndinali nditamukazinga kale pa chiwaya chouma, n'kumusinja m'kamtondo, n'kumusefa, nditayamba ndachotsa tinjere takuda ta m'kati timene timamveka ngati mchenga m'mano. Iyeyu si tsabola konse, ndi makoko a tizipatso ta mtengo wa m'banja limodzi ndi mandimu, ndipo anthu a ku Sichuan ankamudya zaka mazanamazana tsabola asanafike ku China kuchokera ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Ndinamuwaza pamwamba chakudya chili kale m'mbale.

Akazi anga analawa ndi supuni n'kunena kuti mchere wachuluka, monga akhala akunenera maulendo onse, koma atathira pa mpunga wa Kilombero anadya osanenanso za mchere. Ku China chakudya chimagawidwa pawiri, fan ndi cai, ndipo kugawaku n'kofanana kwambiri ndi nsima ndi ndiwo kwathu kuno: fan ndi mpunga kapena chakudya china chokhutitsa, cai ndi zonse zotsitsira, ndipo ndiwo zonga izi amazitamanda kuti xiafan, zotsitsa mpunga. Palibe amene amadya ndiwo zokhazokha n'kudandaula za mchere. Ndinayesapo ndi nsima tsiku lina, ndipo m'kuona kwanga sizigwirizana, chifukwa mbamu ikakhudza tofu amanyenyeka, pamene pa mpunga msuzi umalowerera pakati pa njere, tofu n'kukhala pamwamba ali wathunthu.

Zotsala n'ziwiri. Nyama sinafikebe pokukutika, chifukwa yogaya ya ku butchala imakhala ndi madzi ambiri ndipo imayamba kuwira m'malo mokazingika, choncho ulendo wakhumi ndidzaidula ndekha ndi mpeni n'kuikazinga payokha mpaka itauma. Chachiwiri ndi masamba a adyo, amene eni ake amawatcha suanmiao ndipo amawaika kumapeto. Pakali pano ndikugwiritsa ntchito masamba a anyezi, koma masabata atatu apitawo ndinabzala adyo m'beseni lakale kuseri kwa khitchini, ndipo masamba ake atalika kale ngati chikhatho. Doubanjiang watsala wokwana maulendo anayi okha m'botolo muja, ndipo soya wa ulendo wakhumi ndamusankha kale, akudikira kuviikidwa Lachisanu madzulo.