Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Kamakina kotsuka zithunzi kokha

Gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinachoka pa situdiyo ija ya pa boma la Dedza, pomwe ndinkatsuka zithunzi za pasipoti ndi za maukwati. Ndinachokapo ndi msana wowawa komanso mtima wodana ndi mausi ya kompyuta. Chithunzi chilichonse ntchito yake inali yomweyomweyo: tsegula, dula m'mbali, walitsa nkhope, sunga, tumiza ku printa. Dzanja linkagwira ntchito mutu uli kwina.

Anzanga ojambula ndi osema atakonza zoonetsa ntchito zawo mu holo ina pa boma pomwepo, anandiuza kuti nanenso ndibwere ndi changa. Zopachika chithunzi pakhoma anthu n'kumangodutsa sindinazifune. Ndinkafuna woonerayo akhale m'chithunzimo.

Maganizo anandichokera ku Chongoni. Ife a ku Dedza timangodutsa phiri limeneli, koma m'dera lake muli malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo UNESCO inaliika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira zija akuti n'za Akafula, zoyera n'za makolo athu Achewa. Ndiye ndinati munthu aziima kutsogolo kwa nsalu yoyera, adinize batani, atuluke ndi pepala lokhala ndi mthunzi wake wofiira uli pathanthwe.

Kuchita zimenezi pamanja, mzere wa anthu uli pakhomo, n'zosatheka. Apa m'pamene ndinalemba script yanga yoyamba ya ntchito yeniyeni, ndiye kuti mndandanda wa malangizo amene kompyuta imatsata yokha. Ndinabwereka Raspberry Pi, kakompyuta kaja ka ku Britain kamene kanayamba kugulitsidwa mu 2012, kakang'ono ngati sopo wosambira. Batani likadinidwa, pulogalamu ya gphoto2 inkauza kamera kuti ijambule n'kuponya chithunzicho mu foda. Pa fodayo panali mlonda, inotifywait, amene ntchito yake n'kudikira basi. Chatsopano chikagwamo, ankadzutsa ImageMagick, pulogalamu imene John Cristy anaiyamba mu 1987 akugwira ntchito ku DuPont. Ilibe chodinapo, umangoilembera zochita. Script yanga inkachotsa mitundu yonse, n'kugawa chithunzi pawiri, chakuda ndi choyera, n'kufewetsa m'mphepete mwa mthunziwo, n'kuupaka kufiira kwa katondo. Kenako inkauyala pathanthwe m'njira yotchedwa multiply, kuti ming'alu ya mwalayo izionekera m'thupi la munthuyo. Pomaliza inkadula kukhala timadontho 1800 kwa 1200, poti pepala la mainchesi 6 kwa 4 limafuna timadontho 300 pa inchi, ndipo lamulo la lp linkapereka kwa CUPS, pulogalamu yoyendetsa printa, kuti asindikize.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi nambala imodzi yokha, ya threshold, imene imagamula kuti apa n'pakuda, apa n'poyera. Aliyense wokhala ku Dedza akudziwa June wathu: m'mawa nkhungu, masana dzuwa lothobwa m'maso. Nambala yogwira m'mawa inkakanika masana. Wovala malaya oyera ankatuluka mutu ndi manja zokha, thupi litasungunukira mu nsalu. Mankhwala ake sanali mu script ayi. Ndinatseka mawindo ndi makatoni n'kuyatsa nyale kuseri kwa nsaluyo, moti aliyense woima kutsogolo kwake, kaya wavala zotani, kamera inkamuona wakuda bii.

Tsiku lachionetserolo ine ndinalibenso chochita pa kompyuta. Ndinkangoima pambali n'kumaonerera. Ana anazindikira msanga kuti nkhope siituluka, ndiye anayamba kupanga nyanga ndi manja, kuberekana, wina kulowa ndi njinga. Printa inali ka Canon Selphy, kamene kamakoka pepala kanayi: chikasu, kenako kufiira, kenako kubiriwira, pomaliza chophimba chonyezimira. Anthu ankaunjikana pamenepo kuposa pa nsalu, kuonerera munthu akubadwa pang'onopang'ono.

Cha kumasana kunabwera agogo ena a cha ku Mphunzi, atatsogozedwa ndi mdzukulu wawo. Anatenga pepala lawo n'kuliyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Mwana wanga, mwala uwu ndi wa kuti?"

"Ndi wa kuseri kwa nyumba yathu, agogo. Ndinaujambula ndekha."

"Zoyera zija za kumapanga simunaikemo?"

"Ayi, agogo."

"Eya. Zija zili ndi eni ake."

Nkhani imeneyi tinali titakanganapo kale ndi anzanga. Iwo ankati ndiikemo zizindikiro za ku Chongoni kuti alendo akopeke. Koma zambiri mwa zoyerazo n'za chinamwali ndi za gule, ndipo script siifunsa kuti waima apayu ndani. Ikanadinda zinthu za kutsimba pa kamnyamata ka sitandade 2, n'kukazipachika m'kalasi. Mpaka lero ndimaona kuti thanthwe lopanda kanthu linali lokwanira.

Mapepala a Selphy amabwera 108 m'katoni, ndipo anatha dzuwa lisanapendeke. Anthu anapitirizabe kudiniza batani, CUPS n'kumangosunga zithunzizo pamzere. Mmodzi mwa amene anapita chimanjamanja anali mphunzitsi wina wa ku Ntcheu, amene anasiya uthenga woti ndikamupeze ndi kamakina kangako. Za ulendo umenewo, ndi mmene Raspberry Pi inayendera batire ya galimoto, tidzakamba m'gawo likubwerali.