Nambala ya U-22 inapita ndi lole ya zinyalala

Akuofesi kwathu akamva za kukonza maboti akale a matabwa, m'mutu mwawo mumabwera vanishi wonyezimira ndi kasitomala akulipira akumwetulira. Zoti umboni wonse wa boti, kuti ndi liti, linapangidwa liti ndipo linatuluka m'fakitale lili ndi chiyani, umakhala m'matabwa owola ndi akuda bii ndi oyilo, iwo sizimawakhudza. Kwa iwo zimenezo ndi nkhuni. Sabata ino umboni woterowo wakwezedwa pa lole ya zinyalala, ndipo mpaka pano mtima sunatsike.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali zamasiku onse. Boti la Riva Ariston la kasitomala wina linali m'chipinda chopakira vanishi, ndiye mukudziwa kale: paka, dikira, kwecha ndi sandipepa, pukuta fumbi, pakanso. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito ankadula mapulagi otsekera mitu ya masikuluwu, ndipo wayamba kumvetsa kuti mizere ya pulagi iyenera kutsata mizere ya thabwa. Masikuluwu a silicon bronze amene tinaitanitsa kalekale sanafike. M'malo mwake akuofesi anatigulira bokosi la masikuluwu a stainless poti ndi lotchipa, ngati sadziwa kuti stainless ikakwiririka m'thabwa lonyowa, momwe simulowa mpweya, imadyeka mwakachetechete. Ndinalibweza. Matabwa nawo ndi mutu wina. Mahogany ya ku Honduras inalowa mu Appendix II ya CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a mitengo ndi nyama zomwe zili pachiopsezo, mu 2003, moti kuipeza kumafuna mapepala ndi thumba lakuya, choncho timadalira mbawa ndi meranti, n'kumalimbana ndi stain kuti mtundu ufanane ndi thabwa lakale.

Boti lomwe landikwiyitsa ndi Chris-Craft Sportsman ya mafiti 22, ija timangoti U-22. Anaipanga kuyambira 1946 mpaka 1954 ndipo anatulutsa oposa 2,000, kotero si boti losowa. Mwini wake ndi bambo wachikulire wofatsa, amene wogulitsa anamuuza kuti ndi la 1952 ndipo injini yake ndi yomwe linabwera nayo. Anatipempha zinthu ziwiri: tilikonze pansi, komanso timupezere mbiri yake yeniyeni yolembedwa.

Titalitembenuza tinapeza zimene tonse timaziopa. Munthu wina zaka zammbuyo anamata fibreglass pansi ponse. Pansi pa maboti amenewa ankayala matabwa kawiri, am'kati mopingasa, kenako kanvasi yopakidwa phala lomatira, kenako akunja motalika, ndipo ankayembekeza kuti boti likalowa m'madzi matabwa afufuma n'kutseka mipata. Ukamata fibreglass kunja, madzi olowera pamwamba amasowa kotulukira. Amangokhala m'menemo chaka ndi chaka. Msana wa boti wa white oak ndi ma chine onse awiri, matabwa a m'makona momwe pansi pamakumana ndi m'mbali, zinali zofewa ngati chinkhupule, tchizulo kumangolowa osamenya n'komwe. Masikuluwu a brass anali atafiira chifukwa zinc inathamo kalekale, ukangowapotoza mutu kumatsala m'manja. Izi sizinandidabwitse. Ndi ntchito yathu, ndipo tinagwirizana kuti pansi patsopano tiyala plywood ya m'madzi ndi phala lomatira la 3M 5200, kenako matabwa akunja.

Vuto linali nambala. Nambala yozindikiritsa boti ya zilembo 12, yotchedwa HIN, inayamba kukakamizidwa ku America mu November 1972, ndiye boti lakale chonchi lilibe. Chimene lili nacho ndi nambala imene fakitale inkadinda m'thabwa lenilenilo, nthawi zambiri pa stringer, thabwa lalitali lomwe injini imakhalapo, komanso pa zidutswa zochotseka monga zovundikira injini ndi mafelemu a mipando. Pa boti ili bokosi la injini linasinthidwa, mipando nayo ndi yatsopano. Panatsala malo amodzi okha, stringer ya kumanzere, pansi pa penti wokhuthala ndi oyilo wa zaka zambiri. Ndinapala pang'onopang'ono, n'kuunika ndi tochi cham'mbali kuti mithunzi ionetse zodindazo. U-22 inaoneka bwino, manambala awiri omaliza anaonekanso, koma loyamba mwa atatuwo linali lotupa ndi chinyezi. Linkaoneka ngati 3, linkaonekanso ngati 8. Ndinajambula zithunzi, ndinayala pepala n'kukhukhuza ndi pensulo, koma zonse zinkanena zofanana: mwina 3, mwina 8. Amene munachitapo zimenezi mukudziwa kuti thabwa lotere likauma pang'onopang'ono pamthunzi, ulusi wake umabwerera ndipo chodindacho chimayamba kuwerengeka. Stringer imeneyo inali yoti ichotsedwe basi chifukwa kumapeto inali itawola, choncho ndinaichotsa bwinobwino, ndinaimata tepi yofiira, ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti OSATAYA, n'kuiika pa benchi yanga.

Lachitatu m'mawa ananditumiza kukaona boti lina padoko, lomwe linkalowa madzi polowera shafti. Nditabwerako masana ndinapeza shedi yoyera mbee, utuchi kulibe, zidutswa kulibe, benchi yanga yosesedwa. A manijala anali ndi alendo amene akufuna kutibweretsera maboti awo, ndipo ankafunanso zithunzi zoika pa Facebook, ndiye analamula kuti chilichonse chowola chichoke. Lole inali itapita kale.

Mnyamata uja anandipeza misozi ili m'maso. Anati, "Bambo, ndinawauza kuti munalemba kuti osataya. Anandiyankha kuti iwe sesa, usandiphunzitse ntchito." Iyeyo sindimuimba mlandu. Mwana wongoyamba kumene ntchito sangalimbane ndi munthu amene amasainira malipiro ake.

Ndinalowa mu ofesi osagogoda.

"Bwana, thabwa linali pa benchi yanga lili kuti?"

"Lowola lija? Bambo, musatikwezere mawu chifukwa cha nkhuni. Si munajambula?"

Ndinawafotokozera kuti chithunzi sichiuma. Ndinawauza kuti pakati pa 3 ndi 8 pali maboti 500, ndipo pa fakitale yomwe inkatulutsa maboti motsatizana, kusiyana kotere kungasinthe chaka, mtundu wa matabwa, ngakhale injini. Anandimvetsera akuyang'ana foni. Kenako ananena mawu amene andisowetsa tulo kuposa lole ija:

"Ndiye vuto lili pati? Zodindira muli nazo. Sankhani imodzi, mudinde pa stringer yatsopanoyo. Mwini wake adziwa bwanji?"

Nthawi yomweyo ndinaimbira foni kampani yonyamula zinyalala. Anandiuza kuti katundu wa tsikulo anali atamuthira kale pamodzi ndi wa malo ena, ndipo salola munthu kukafukula.

Za kudinda nambala ndinakana, ndipo ndikanabe. Kudindanso nambala pa thabwa latsopano si tchimo ngati yakaleyo ikuwerengeka, waijambula, ndipo chidutswa chakalecho wachisunga kuti chizipita ndi botilo kulikonse. Ambiri timatero. Koma kudinda nambala yongoganizira ndi kuba dzina la boti lina, lomwe mwina likadali moyo kwinakwake, mwini wake ali ndi mapepala ake. Tsiku lina maboti awiri a nambala imodzi adzakumana pa chionetsero, ndipo akadzafunsa amene anakonza, dzina lotchulidwa lidzakhala langa, osati la a manijala.

Lachinayi lonse ndinalithera pofufuza zotsala. Ubwino wa Chris-Craft ndi wakuti zolemba za fakitale zinapulumuka. Zili ku The Mariners' Museum ku Newport News, m'boma la Virginia, ndipo ukawapatsa nambala ya boti amakupezera hull card yake, yosonyeza tsiku limene linatumizidwa, wogulitsa amene analilandira, mtundu wa injini ndi nambala yake, mitundu ya mipando ndi zina zimene wogula anawonjezera. Koma iwo amayambira pa nambala. Ndawalembera imelo kupempha makadi awiri, la 3 ndi la 8, zomwe zikutanthauza kulipira kawiri, ndipo akuofesi ayamba kale kufunsa kuti ndalamayo ilowa pa bilu ya ndani.

Botilo palokha likulankhulabe kwa amene akufuna kumva. Nditachotsa chitsulo cha m'mphepete, ndinapeza penti woyera atabisala m'ming'alu, ndipo thabwa limodzi cha kutsogolo, pansi pa stain wofiirira, si mahogany ayi, ndi cedar. Fungo lake lokha limakuuza ukangopala. Chris-Craft inkadalira matabwa a ku Philippines, aja amawatcha Philippine mahogany ngakhale ndi mitengo ya mtundu wa Shorea, ndipo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha matabwa amenewa ankasowa. N'chifukwa chake ma U-22 ena oyambirira anatuluka ndi m'mbali mwa cedar mopakidwa penti woyera. Ngati ili ndi limodzi mwa amenewo, 1952 ya wogulitsa ija yagwa, ndipo munthu wina pakatipa anasintha matabwa ambiri a m'mbali kuti boti lioneke ngati anzake a vanishi. Kwa ine zimenezi zikulikometsa botilo, chifukwa oyera m'mbali amene sanasinthidwe sapezeka wamba. Kwa akuofesi ndi tsoka, poti analonjeza kale mwini wake mahogany yonyezimira kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, asanafunse aliyense wa ife ogwira tchizulo.

Chiyembekezo chotsala ndi injini. Ndi Model K ya masilinda 6, ya mahatchi 95, yomangidwa pa buloko ya Hercules, ndipo kachitsulo kake ka nambala kakuwerengeka bwino. Nambala imeneyo ikapezeka pa limodzi mwa makadi awiriwo, tapulumuka, botilo ladziwika. Koma injini za m'maboti amenewa zinkasinthidwa kawirikawiri, makamaka kumene buloko inkasweka ndi madzi oundana m'nyengo yozizira. Ikakhala kuti ndi yobwera, tidzatsala ndi penti woyera uja ndi thabwa limodzi la cedar, zimene zingatiuze nyengo koma osati boti lenilenilo.

Lachisanu mwini wake anabwera kudzaona ntchito. A manijala anali atandinong'oneza kuti nkhani ya stringer ndisaiyambe. Bamboyo atandifunsa kuti, "Nanga nambala ija munaipeza?", ndinawauza zonse momwe zinayendera, a manijala ali chiimire pambali pathu. Anakhala chete kanthawi, kenako anapempha kuona thabwa la cedar lija, analinunkhiza, n'kunena kuti tisapake chilichonse m'mbali mpaka makadi atafika. Anawonjeza kuti makadi onse awiri alipira okha. A manijala sanandilankhulenso tsiku lonselo, ndipo ine ndinapitiriza kusema msana watsopano, umene watuluka bwino kwambiri moti sindikuchita manyazi kudzitama nawo.

Ndalemba kalata yopempha shelefu yokhoma, imodzi yokha, yosungiramo zidutswa zochotsedwa pa boti lililonse mpaka mwini wake atasaina kuti zitayidwe. Yankho labwera pa kapepala komata pa chitseko changa: malo kulibe, tidzakambirana mwezi wamawa.