Zimene ndinaphunzira pa benchi ya amalume

Satifiketi yanga ya zokonza makompyuta ili pakhoma kunyumba ku Mtendere, koma zimene zikundidyetsa lero ndinaziphunzira pa kabenchi kuseri kwa shopu ya amalume ku Kamwala, mu Lusaka. Kusukulu tinaloweza ziwalo za kompyuta monga RAM, motherboard, hard drive, ndi njira imene magetsi amadutsa kuchokera pa chaja ya mavoti 19 mpaka kukafika pa purosesa. Zonsezo n'zofunika, sindikukana. Chimene sanatiuze n'chakuti munthu akabwera ndi laputopu yakufa, nthawi zambiri sakulira laputopuyo, akulira zimene zili m'kati.

Ine ndinazidziwa mochititsa manyazi. Mwezi wanga wachiwiri kunabwera mtsikana wa ku yunivesite, makina ake akungozungulira pa chizindikiro cha Windows osalowa. Ndi phuma langa ndinangoti, "Iyi ndi yofomata basi, mubwere mawa." Ndinafomata, kutanthauza kufufuta zonse za pa hard drive, ndinaika Windows yatsopano, inayaka bwinobwino, ine mapewa m'mwamba. M'mawa mwake anatsegula Documents, n'kungoti chete, dzanja pakamwa. Munali pulojekiti yake ya chaka chomaliza, machaputala anayi, ndipo analibe kope pena paliponse.

Amalume sanandikalipire pamaso pake. Atachoka ndi pamene anati, "Mphwanga, unamufunsa kuti muli chiyani m'menemo?" Ndinalibe poyankha. Tinachezera masiku awiri ndi pulogalamu yofufuza mafayilo ofufutidwa, tinapeza machaputala awiri okha ndi zithunzi zingapo. Usiku umenewo ndi pamene ndinamvetsa zimene ndinangolemba pamayeso: kufomata mwachangu sikufafaniza fayilo nthawi yomweyo, kumangouza makina kuti malowo ndi aulere. Chimene chinapha machaputala enawo ndi Windows imene ndinaika pamwamba pake ndi manja anga. Mwayi wake inali hard drive yakale. Pa SSD, chosungira mafayilo chamakono, chifukwa cha TRIM imene imafafaniziratu zofufutidwa, mwina sitikanapeza kalikonse.

Kuyambira pamenepo ndili ndi buku lachikuto chakuda. Ndimalembamo nambala ya makina, vuto m'mawu a mwini wake enieni, ngakhale atati "ikungolira ngati njuchi", kenako zimene sakufuna kutaya, iye n'kusaina. Ndisanamasule sikuluu ngakhale imodzi ndimayatsa makinawo ndi Linux ya pa flash (pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows) n'kukopera mafayilo kaye. Ena amaona ngati ndikuwachedwetsa. Achedwe.

Chaka cha 2024 chinandiphunzitsa china. Madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba chifukwa cha chilala, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo akabwera ankatipeza tili m'tulo. Ntchito ndinkagwira pakati pa usiku mpaka nditagula kabatire ndi inverter. Anthu ambiri ankabwera akuti laputopu yafa, koma ukaika multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, umapeza kuti yafa ndi chaja. Kumuuza munthu zoona pamenepo kumapweteka m'thumba tsiku limenelo, komabe ambiri mwa makasitomala amene ndili nawo lero ndi omwewo, ndi abale awo.

Za mapepala a bizinesi ndinazengereza mpaka sukulu ina itafuna kotesheni yokhala ndi TPIN, nambala ya wokhoma msonkho. Ndinalembetsa dzina la bizinesi ku PACRA, bungwe lolembetsa mabizinesi, TPIN ndinatenga ku ZRA, bungwe la misonkho, nkhani inatha.

Panopa mutu ukundizungulira ndi Windows 10, imene Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025. Malaputopu ambiri akale amene anthu amagula m'tauni alibe TPM 2.0, kachida ka chitetezo kamene Windows 11 imafuna, ndiye ndimakhala ndikufotokozera agogo opuma pantchito kuti makina awo sanafe, angokalamba. Madzulo ndikuphunzira kuwotcherera tizida ting'onoting'ono pa motherboard. Amalume anandipatsa zakufa zisanu zoti ndiziyeserapo. Ziwiri ndazipsereza kale, ndipo chala changa chamkombaphala chili ndi thuza.