Zikomo nonse amene munandigwira dzanja pamene Hilux inapsa gasiketi

Lolemba lapitali galimoto yathu inatsikanso ku Tete ndi matumba a mbatatesi, madzulo ake n'kukwera kubwerera kuno ku Ulongwe, ndipo singano ya geji ya kutentha kwa injini sinasunthe pamalo pake njira yonse. Galimotoyi inali itakhala milungu 6 isakuyenda. Pakhomo pathu chakudya, fizi ya ana ndi mankhwala a amayi zimachokera m'galimoto imeneyi, ndiye mukhoza kudziwa mmene mtima unalili. Ndalemba kuti ndikuthokozeni poyera inu nonse amene munatithandiza. Mayina sinditchula, koma aliyense adzizindikira yekha.

Vutoli silinabwere mwadzidzidzi. Hilux yathu ndi ya 2003, ya dizilo, injini ya 5L. Kuyambira mu Ogasiti inayamba kumwa madzi. Pakapita masiku awiri kapena atatu ndinkathira lita imodzi, koma pansi pamene yagona panalibe ngakhale dontho. Ndinkathira a pa mjigo, nthawi zina a mumtsinje, chifukwa ndi amene amakhala pafupi. Chaka chatha munthu wina anachotsamo thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa madzi a injini, amvekere m'dziko lotentha ngati lathu siifunika, ine n'kuvomera. Ndikunena zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti anzanga ambiri oyenda msewu uno mukuchita zomwezo lero.

Tsiku lakelo linali mu Okutobala. Amene munakhalako ku Tete mwezi umenewo mukudziwa kutentha kwake, kumadutsa madigiri 40, phula n'kumachita kunyezimira. Ndinanyamuka masana ndi matumba 16 a feteleza a alimi a kumudzi kwathu. Popita ku Tete galimoto imangotsetsereka, koma pobwera imakwera kuchokera m'chigwa cha Zambezi mpaka kumtunda kwa Angónia, makilomita oposa 200, ndipo m'pamene injini imagwira ntchito yeniyeni. Nditadutsa Moatize, ndisanafike pa Mussacama, singano inakwera mpaka pofiira, mphamvu zinatha, nthunzi inayamba kutuluka m'mbali mwa boneti.

Woyamba kumuthokoza ndi dalaivala wa thiraki amene sindikumudziwa n'komwe. Anaima kutsogolo kwanga, n'kutsika akuthamanga atandiona ndagwira nsanza ndi chigubu. "Achimwene, musatsekule! Muwauka nkhope. Ndipo madzi ozizirawo musathire, mung'ambitsa hedi." Anakhala nane pafupifupi ola lathunthu mpaka injini inazizira, ali ndi katundu wake wopita ku Zóbuè. Amakaniko anadzandiuza pambuyo pake kuti mawu amenewo ndi amene anapulumutsa hedi yanga, chitsulo chija chovundikira pamwamba pa injini. Achimwene, kulikonse kumene muli, Mulungu akutsogolereni pamsewu.

Pafupi pomwepo panali mayi wina wogulitsa makala. Iwo Chinyungwe, ine Chichewa, koma tinamvana bwinobwino. Anandiyalira mkeka pansi pa mtengo, anandiphikira nsima, ndipo anyamata awo awiri anagona nane pagalimoto usiku wonse kulondera feteleza wa anthu. M'mawa nditatulutsa kangachepe anakana, amvekere mlendo wovutika salipira. Sabata yatha ndinawasiyira thumba la mbatatesi, koma silingafanane ndi zimene anachita. Alamu anga nawonso anasiya ntchito yawo n'kubwera ndi lole, anakokera galimoto ku Moatize, kenako anasenza feteleza yense kukatula kumudzi mvula isanagwe. Alamu, ya dizilo yokha ndi imene munalandira, sindidzaiwala.

Tsopano ndifike pa amestre, makaniko wamkulu wa ku Moatize, mwana wa kwathu ku Tsangano, amene ndikufuna kukhalitsa pa iwo. Anthu angapo amene anazungulira galimoto tsiku loyamba aliyense anali ndi yankho lake. Wina pampu ya madzi, wina rediyeta, wina akuti injini yatha ndigule ina. Ineyo ndinali ndi chiyembekezo chifukwa nditasolola dipisitiki oyilo anali wakuda bwinobwino, osati woyera ngati tiyi wamkaka monga timamvera. Amestre anapukusa mutu. "Bambo, junta siipsa njira imodzi." Junta ndi mmene amakaniko a kuno amatchulira gasiketi. Anandifotokozera kuti kachinthu kameneka kamakhala pakati pa hedi ndi buloko, ndipo kamalekanitsa zinthu zitatu: moto wa m'silinda, madzi ndi oyilo. Ikaboola pakati pa madzi ndi oyilo, m'pamene oyilo amayera. Ikaboola pakati pa masilinda awiri, injini imafooka ndi kugwedezeka. Koma ikaboola pakati pa silinda ndi njira ya madzi, oyilo akhoza kukhala wabwino pamene mpweya wa moto ukulowa m'madzi n'kumawakankhira kunja, ndipo madzi ena akupsera m'silinda n'kutuluka ku ekizozi ngati utsi woyera. N'chifukwa chake pansi sipankadontha.

Chimene chinandikhudza n'chakuti anakana kumasula ngakhale bawuti imodzi asanatsimikize. Anadikira injini izizire mpaka m'mawa, anadzaza madzi, n'kuiliza chitsekerero cha rediyeta chili chotsekula. Pasanathe mphindi ziwiri thovu linayamba kutumphuka pakamwa pa rediyeta, losalekeza, ndipo akaponda mafuta linkachuluka. Atatseka, paipi yapamwamba inalimba gwa ngati tayala, injini isanatenthe n'komwe. Anati madzi ozizira sangalimbitse paipi chotero, ndiye kuti pali mpweya wochokera kwina. Sanakhutire ndi zimenezo. Anakabwereka kwa mnzawo kabotolo ka mankhwala a buluu amene amaika pakamwa pa rediyeta, ndipo ine ndikuona ndi maso anga mankhwalawo anasanduka obiriwira, kusonyeza kuti m'madzimo muli utsi wa injini. Madzulo anapopera mpweya mu rediyeta ndi pampu yokhala ndi geji n'kuisiya usiku. Kutacha geji inali itatsika. Anachotsa ma glow plug onse anayi, timapulagi totenthetsa m'masilinda poliza, n'kupukusa injini, ndipo pabowo la silinda yachitatu panatuluka madzi ngati kasupe. Apo m'pamene anati, "Tsopano titsekule."

Masiku awiri amenewo ndinkaona ngati akuchedwa, chifukwa tsiku lililonse galimoto ikaima ndi ndalama yotayika. Lero ndikuona kuti ndi masiku amene anandipulumutsira ndalama zambiri. Ndikanamvera aliyense uja, bwenzi nditagula pampu, kenako rediyeta, vuto likadali pomwepo.

Atanyamula hedi, malo opsawo ankaoneka bwino, kamzere kakuda kochokera m'mphepete mwa silinda yachitatu kukafika pabowo la madzi, ndipo pamutu pa pisitoni imeneyo panali poyera ngati pochapa pamene zinzake zinali ndi mwaye. Hedi anaitumiza kwa a makina mumzinda wa Tete, kutsidya kwa mlatho. Kumeneko anaigoneka chitsulo chowongoka pamwamba n'kupeza kuti yapindika pang'ono pakati, anaiyesanso ngati ili ndi mng'alu, mwamwayi inalibe, ndiye anangoipala. Bambo amene munagwira ntchitoyi, munandiimbira nokha kundiuza kuti hedi ili moyo, pamene mukanatha kundigulitsa ina. Zikomo.

Ine ndinkaganiza kuti tikaika gasiketi yatsopano basi tathana nazo. Amestre anati ayi, gasiketi siipsa yokha, pali chimene chinaiotcha, ndipo tikapanda kuchipeza ndidzabweranso mvula isanathe. Anatsekulitsa rediyeta, ndipo timapaipi tambiri tam'kati tinali totsekeka ndi dzimbiri komanso zoyera zouma zimene madzi a pa mjigo amasiya, zonga za m'ketulo. Fani nayo inali itafooka. Pakati pake pali kachipangizo ka mafuta kamene kamayenera kugwira mwamphamvu injini ikatentha, koma yathu inkangozungulira mwaulesi. Labala ya chitsekerero inali yothetheka. Sindinkadziwa kuti kachitsekerero kotchipa kaja kali ndi ntchito yaikulu chonchi: madzi osatsekeredwa amawira cha m'ma madigiri 100, koma akatsekeredwa bwino amapirira mpaka cha m'ma 120. Za thermostat anandiuza mosabisa kuti kuichotsa n'kubisa matenda. Imatseguka yokha madzi akafika cha m'ma 82, ndipo ikapanda kukhalamo injini imachedwa kutentha m'mawa wozizira wa ku Angónia, n'kumadya dizilo ndi kutha msanga.

Pomanga ndinakhala pambali n'kumaonerera. Anayeza mmene mapisitoni amatulukira pamwamba pa buloko kuti asankhe gasiketi ya kukhuthala koyenera, pakuti za injini imeneyi sizofanana zonse. Nditabwera ndi yotchipa ya pamsika anandibweza nayo. Mabawuti anaika atsopano, anamanga ndi sipanala yoyezera mphamvu, kuyambira pakati kupita kunja, mobwereza, osati kamodzi. Lamba wa timing anasinthiratu poti anali atamasula kale. Pomaliza anathira coolant, mankhwala oziziritsa injini, wosakaniza theka ndi theka ndi madzi oyera a m'botolo, n'kudikira mpweya wonse utuluke. Anyamata awiri amene akuphunzira ntchito pamenepo anapala buloko ndi manja tsiku lonse padzuwa lija, ndipo usiku ankandigawira malo ogona. Ana anga, gwiritsitsani zimene akukuphunzitsanizo, muli pa munthu wodziwa.

Ndalama ya zonsezi ndinalibe. Amayi a chipereganyu, amene kuno timati xitique, munalola kuti mayi a kunyumba alandire mwezi umene sunali wawo. Mayi amene munapereka malo anuwo, ndikudziwa kuti munkafuna kugula malata. Mng'ono wanga wa ku Beira anatumiza pa M-Pesa ndisanapemphe n'komwe. A mphakati wathu munabwera kudzapemphera ndi banja langa ine kulibe, ena mutanyamula ufa. Amalume munagulitsa mbuzi ziwiri. Amestre nawonso analola kuti ya ntchito yawo ndipereke pang'onopang'ono, ndipo theka ndapereka kale.

Alimi a kumudzi, mbatatesi ndi kabichi wanu zina zinaonongeka podikira, ena munalipira zambiri pa magalimoto ena. Palibe amene anabwera kudzandikalipira pakhomo, ndipo nditangolengeza kuti galimoto yachira, matumba anali atafola kale m'mphepete mwa msewu. Pepani chifukwa cha zimene munataya.

Mayi a ana anga, inu ndi amene munasenza zambiri. Milungu yonseyi munkadzuka usiku kukazinga mandasi kuti ana asagone ndi njala, ndipo pafoni simunandiuzepo kuti zavuta. Ndinadzamva kwa ana nditabwera.

Amestre anati ndikayenda makilomita 1,000 ndibwerenso akaone madzi, mapaipi ndi oyilo, ndiye Lachisanu likubwerali ndidzaima pa Moatize kwa maola angapo. Amene muli ndi katundu wopita ku Tete tsiku limenelo, tinyamuka 4 koloko m'mawa pamalo pathu pomwe paja, ndipo pobwera tidzafika mochedwerapo.