Ikangotentha basi yazima

Ndasamba m'manja katatu koma fungo la petulo silikuchoka, ndipo mawu a mdala wa nyumba yoyandikana nafe akungozungulirabe m'mutu. Bola ndilembe, mwina tulo tibwera.

Snowmobile (njinga yamoto yoyenda pa sinowo) ija ndinagula mu November, Ski-Doo Elan ya 1974, yachikasu, ya silinda imodzi, lero yandichititsa manyazi pakanyanja koundana ka kuseri kwa Thunder Bay kuno ku Canada. Pakhomo inalira bwinobwino: choki, kukoka chingwe kanayi, utsi wabuluu tolo. Nditayenda mphindi khumi kapena khumi ndi ziwiri inayamba kutsokomola, kenako zii. Ndinakoka chingwe mpaka phewa kuchita kuyaka. Kunja kunali madigiri -21, koma ine thukuta kamukamu m'kati mwa jekete. Patapita theka la ola ndinangokoka kamodzi, iyo n'kulira ngati palibe chachitika. Aka n'kachitatu sabata ino.

Mdala uja anandipeza m'galaja nditatsegula boneti, kapu ya khofi ili kumanja. Anapuma ntchito kufakitale ya mapepala, ndipo makina awa anayamba kuwakwera ine ndisanabadwe.

"Achikulire, ine ndikuti ndi kabureta," ndinatero. Ndinali ndi mfundo zanga. Kabureta yake, yomwe imasakaniza petulo ndi mpweya, ndi ya Tillotson, ilibe kabakuli kosungira petulo, imapopa yokha ndi timapepala tarabala tomwe timagunda motsatira mpweya wa m'injini. Petulo wa masiku ano wosakaniza ndi ethanol amatiumitsa timapepala timeneti. Komanso ikatentha kwambiri petulo amatha kuwira m'katimo, n'kumapopa mpweya wokhawokha.

Iwo anangoti, "Itazima, unayang'ana moto wa pulagi?"

"Ndayang'ana nditafika kuno. Moto ulipo, wabuluu."

Anaseka mpaka khofi kutayikira pa golovesi. "Kuno? Itazizira kale?"

Ndiye anayamba kundiphunzitsa, pang'onopang'ono ngati akuyankhula ndi mwana wa sitandade 2. Akuti koyilo, yomwe imatumiza moto ku pulagi, ikakalamba, kawaya kopyapyala ka m'kati mwake kamakhala ndi pothothoka. Injini ikatentha pamatseguka, moto n'kusowa, ikazizira pamagwirananso. Kondensa, kachipangizo kena ka panjira ya moto yomweyo, nayo imachita zomwezo. Choncho pulagi umaichotsa pomwepo yazimirapo, kuigoneka pachitsulo cha injini, kukoka chingwe, n'kuona. Kunena kwathu, ndinakasaka wakuba m'munda iye atafika kale kwawo, atasambanso.

Mpaka apo ndinalibe nawo mlandu. Chandibaya ndi chomwe ananena akutuluka, akundisisita paphewa: "Usadandaule, kwanu kuja kulibe sinowo. Uphunzira."

Sinowo ikukhudzana bwanji ndi koyilo? Ine ndakulira pa njinga yamoto ya malume anga ku Dedza, ya two-stroke ngati yomweyi, yothira oyilo ndi petulo. Ndili ndi zaka 15 ndinkadziwa kale kuti pulagi ikatuluka yonyowa ndiye kuti petulo akufika koma moto palibe, ikatuluka youma ndiye kuti injini ili ndi njala. Ndinkapala mapoyinti, tizitsulo totsegula ndi kutseka njira ya moto, ndi kasandipepa malume atandiimirira kumsana. Injini ndi injini basi. Ndinafuna kuwauza zonsezi, koma ndinangoti "zikomo achikulire", monga tinaleredwera, n'kutsala ndikufufuma ndekha.

Tsono chikundisowetsa tulo n'chakuti, ngati ndimadziwa, ndinalekeranji kuchotsa pulagi pakanyanja paja? Sipanala inali pomwepo m'kabokosi. Zoona zake n'zakuti ndinavula golovesi imodzi, zala zinafa dzanzi ndisanagwire n'komwe chitsulo, ndipo pansi panga madzi oundana analira kuti guu, kulira kwake kuja amati n'kwabwinobwino koma mtima wanga sunavomerebe. Nzeru zonse za ku Dedza zinathawa, ndinangotsala ndi kukoka chingwe ngati wamisala. Ndiye mwina mdalayo sananame kwenikweni. Zimenezo ndiye zikundinyansa kwambiri.

Madzulo, kapena kunali kusanade, dzuwa la kuno mu January silidziwika bwino, ndinabwereranso m'galaja ndi tochi. Pakona pafupi ndi thanki ndinapeza chisa cha mbewa, timapepala ndi ubweya wa mpando. Zadya chikopa cha waya wopita ku swichi yozimitsira. Waya ameneyu akakhudza chitsulo moto wonse umathawira pansi, injini n'kuzima ngati wazimitsa dala. Ndinasangalala kwa mphindi ziwiri. Kwathu mbewa yotere ikanagona m'poto ndi mchere, kuno ikudya makina anga mwaulere. Ndakulunga ndi tepi.

Koma waya wodyedwa amazimitsa nthawi iliyonse, pabampu, pokhota. Sadikira mphindi khumi. Nanga bwanji yanga imachita kusunga nthawi ngati belu la kusukulu?

Ngati ndi kondensa kapena mapoyinti, zili kuseri kwa fulayiwilo, gudumu lolemera lozungulira ndi injini, ndipo fulayiwiloyo sichoka popanda chida chake chokokera. Mpata wa mapoyinti uyenera kukhala pafupifupi 0.4 mm, koma sindikudziwa kuti munthu anaupima liti komaliza. Chida chokokeracho ine ndilibe. Ali nacho ndi mdala yemwe uja, ndinachiona chitapachikika pamsomali kwawo.

Mayi a kunyumba akuti ndingoigulitsa, ati sanawoloke nyanja zonsezi kuti adzakhale namfedwa chifukwa cha chidole chachikasu. Sindinawayankhe.

Mawa ndizungulira nayo kuseri kwa nyumba kuno, osati pakanyanja, mpaka izime. Pulagi yatsopano ndi sipanala ndaika kale m'thumba la m'kati kuti zikhale zofunda. Za chida chija sindinaganizebe. Nyali ya m'galaja mwawo ikuyakabe, ndikuiona pawindo pano.