Pampu ikakhala chete, yambani mwayeza moto

Ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto, ndipo ndimagwirira pa boma pano, chakufupi ndi msewu wopita ku Liwonde. Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa la ku Mangochi limasautsa anthu ndi galimoto zomwe. Sabata yathayi galimoto zambiri zimene zinabwera zinali ndi dandaulo limodzi: injini ikuzungulira bwinobwino koma siikulira, kapena ikuzima yokha pamsewu. Eni ake ankafika ataweruza kale mlandu, akuti pampu ya mafuta yafa.

Lolemba anakoka ndi chingwe Corolla yakale, ya m'ma 1990, kuchokera kwa Mponda. Mwini wake, bambo wachikulire, anatsika atanyamula pampu yatsopano m'katoni.

"Amisiri, ingoikani iyi. Ndatembenuza kiyi kambirimbiri, kuthanki kuli zii."

"Bambo, ibakhalani nayo kaye m'katonimo. Ikatsegulidwa, kusitolo sakailandiranso."

Apa m'pamene ambiri amasokonezekera. Galimoto zambiri ukatembenuza kiyi n'kuyatsa magetsi a padashibodi, pampu imalira kwa masekondi awiri kapena atatu kenako n'kusiya. Toyota zakalezi sizitero ayi. Pampu yake imadikira mpaka injini iyambe kuzungulira, ndiye phokoso la sitata limaphimba kulira kwake. Mwayi wake ngwakuti kuboneti kuli kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, ndipo mkati mwake muli timabowo tiwiri, +B ndi FP. Ndinalumikiza timabowoto ndi kawaya, kiyi ali pa ON, ndipo mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anaika khutu pakamwa pa thanki. "Ikulira, bwana!" Galimoto inalira nthawi yomweyo. Zimenezi zinatanthauza kuti pampu ndi yamoyo, waya wopita kuthanki ndi wabwino, fyuzi ya EFI, imene moto wa pampu umadutsamo, nayo ndi yabwino. Chotsala chinali rileyi, kaswitchi kamene kamatsegulira pampu moto, imene kawayako kanailambalala. Nditaitsegula ndinapeza timano take tapsa, tada bii. Tinaika ina, ndipo bambo aja anabwerera ndi katoni yawo yosatsegula.

Lachiwiri kunabwera galimoto imene inkangopsereza fyuzi. Wina anali atakulunga waya wa kopa pamiyendo ya fyuziyo kuti ulendo upitirire, moti pulasitiki ya bokosi inali itayamba kusungunuka. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa waya ameneyu amathera pathanki ya petulo. Fyuzi ya maampu 15 ikamapsa imakhala ikunena kuti penapake moto ukuthawa. Tinatsatira waya n'kupeza pamene unakhuzika ndi chitsulo pansi pa kapeti, pafupi ndi chitseko chakumbuyo.

Imene inandidyera nthawi ndi Probox ya mayi wina wogulitsa nsomba. Amapikula usipa ndi utaka ku Makawa, nthawi zina chambo cha mu ayezi, n'kumakagulitsa ku Namwera ndi ku Chiponde. Anati m'mawa galimoto imalira bwino, pachidikha imathamanga, koma ikangowoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyamba chitunda cha Chowe imayamba kutsamwa, mphamvu n'kutha. Akaima pang'ono imadzukanso. Pampu anali atasintha kale kwina, vuto osachoka.

"Achimwene, nsomba sizidikira munthu. Dzana ndagulitsa motchipa panjira kuopa kuti zingaole."

Lachitatu m'mawa tinachotsa mpando wakumbuyo kuti tifike pachivundikiro cha pampu. Fungo la nsomba linatilandira, ndipo kapeti inali yonyowa. Mnyamata wanga anazula pulagi, n'kuika mita yoyezera moto, ine n'kuzungulitsa injini. Mita inaonetsa moto wokwanira, ndipo iye anati, "Moto ulipo, bwana, ndiye kuti pampu yatsopanoyi ndi yachinyengo." Ndinamuuza kuti asafulumire. Mita imakoka moto wochepa zedi, moti ngakhale waya utadyeka n'kutsala kaulusi kamodzi, idzakuonetsabe mavolti 12. Zili ngati mpopi wa paipi yotsekeka ndi dzimbiri: ukautseka madzi amadzaza n'kumaoneka ngati ali ndi mphamvu, koma ukautsegula amangodontha. Pampu ya galimoto zazing'onozi imafuna maampu apakati pa 4 ndi 8, ndiye kuyeza kwenikweni kumachitika pampuyo ikugwira ntchito.

Poyamba tinalumikiza babu la kutsogolo la mawati 55 papulagi ija, thanki ili chitsekere. Babu limeneli limakoka moto wofanana ndi wa pampu. Linayaka mofooka, kuwala kofiirira. Kenako tinabwezera pulagi, n'kulowetsa timapini kumbuyo kwake kuti tiyeze injini ikulira. Pabatire panali mavolti 14, kusonyeza kuti alitaneta ikutchaja bwino. Pamapini awiri a pampu panali mavolti 9 okha. Asanu aja ankathera kuti?

Apa ndi pamene ntchito imakoma. Umaika chingwe chimodzi cha mita pa + ya batire, china pawaya wobweretsa moto papampu, ndipo mita imakuuza moto umene ukutayika panjira yonseyo, kudutsa mufyuzi, murileyi ndi m'mapulagi. Pagalimoto yabwino sufunika kupitirira theka la volti, ndipo apa zinali momwemo. Ndiye tinatembenukira kumbali imene ambiri amaiwala, ya ethi, waya wobwezera moto kubatire kudzera m'bodi ya galimoto. Chingwe china pa − ya batire, china pawaya wa ethi wa pampu. Pamene pamafunika 0.1 kapena 0.2, mita inaonetsa kupitirira 4. Tinatsatira wayawo mpaka pomwe anaumangira kubodi. Bawuti inali yofiira ndi dzimbiri, kamphete kake kobiriwira, ndipo nditakagwedeza ndi chala kanafumbutuka. Madzi a ayezi wa nsomba akhala akuyenderera pansi pa kapeti n'kumadikha pomwepo. Pachidikha injini imamwa mafuta ochepa, ndiye pampu yofookayo inkakwanitsa. Pachitunda imafuna ambiri, komanso malo adzimbiriwo akatentha amakanizanso moto kwambiri.

Tinadula waya mpaka pamene kopa anayamba kuoneka wowala, tinaika kamphete katsopano, tinapala bodi ndi sandipepa, kumanga, n'kupaka girisi pamwamba. Lachinayi tinakweza matumba a mchenga kumbuyo n'kukayesa pa Chowe pomwepo dzuwa lili paliwombo. Inakwera osatsokomola. Mayi aja ndinawapempha kuti aziyala pulasitiki yokhuthala yopinda m'mbali asanakweze mabeseni. Pampu yawo yakale, imene anali akuyenda nayo m'jumbo, tinaiyesa ndipo inali yamoyo. Ndalama imene inapita papampu yatsopano inandipweteka ngati yanga, chifukwa ndikudziwa mabeseni a usipa amene munthu amagulitsa kuti aipeze.

Lachisanu ntchito imakhala ya m'mawa, chifukwa masana anzathu ambiri amapita kumzikiti ndipo tauni imakhala phee. Tinangoona Vitz imene woika alamu anadula waya wa pampu n'kuupotokola ndi manja, kukulunga tepi basi. Kutentha kunamasula tepiyo. Tinawotcherera ndi soda, chitsulo chofewa chosungunula polumikiza mawaya.

Loweruka ndiye kunabwera pampu yakufadi. Inali Sienta ya matola yoyenda pakati pa boma ndi Monkey Bay. Mavolti papampu anali okwanira, ethi yabwino, koma inkalira mokukuta ndipo inkakoka maampu opitirira 10. Dalaivala anavomera kuti masiku amene mafuta akusowa amathira a m'zigubu za m'mbali mwa msewu, malita awiri kapena atatu, ongokwanira ulendo umodzi. Pampu imakhala m'kati mwa thanki ndipo petulo yemweyo ndi amene amaiziziritsa. Thanki ikamakhala pansi tsiku ndi tsiku, kutentha kwa kuno kuli chonchi, pampu siikhalitsa. Tisanatsegule thanki tinazula batire n'kukankhira galimoto panja, kutali ndi anzathu owotcherera zitsulo. Sefa yake inatuluka yakuda, yodzaza mchenga, ndipo pansi pa thanki panali madzi.

"Ndiye ndigule yatsopano, akulu?"

"Iyi yokha gulani, achimwene, pamodzi ndi sefa yake. Koma thanki titsuke kaye, apo ayi yatsopanoyo ifanso chimodzimodzi."

Anapita kukafunafuna ndalama kwa mwini galimoto, ndipo Sienta yagona pagalaja kudikira Lolemba.