Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Kapitawo wa njovu

Paja gawo latha ndinalekezera pomwe ntchito ya mu shopu ija inandithera nkubwerera kumudzi ndi kachikwama kamodzi basi. Nde lero ndikambe za agogo anga aamuna, bambo awo a mayi, chifukwa chaka chomwe ndinakhala lova pakhomo chija ndi chomwe ndinapanga kanthu kamodzi koti ndikakakumbuka sindichita manyazi. Ngakhale chiyambi chake ndi chamanyazi ndithu, muona.

Agogo anali a Keyala. Ana a lero mwina simudziwa, Keyala ndi KAR, King's African Rifles, asilikali a nthawi ya atsamunda aja. Kwathu ndi kuseri kwa Thondwe uko, nde ku Zomba ndi pafupi, anyamata ambiri a nthawi yawo analowa usilikali nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba. Iwo anayamba kumenyana ndi Mataliyana cha ku Abyssinia, komwe lero timati Ethiopia. Mukamamva zoti Moyale Barracks ku Mzuzu, dzinalo linachokera konko, kumalire a Kenya ndi Ethiopia komwe asilikali akwathu anakumana ndi Mataliyana mu 1940. Mpaka apa palibe ankatsutsa. Vuto linkayamba akafika pa nkhani ya Burma, iwo ankatchula kuti Bama.

Amati anakwera sitima yapamadzi ku Mombasa masiku ambirimbiri osaona mtunda mpakana Ceylon, kenako India, kenako nkhalango ina yoti mvula imagwa osakata, matope mpaka m'mawondo, misundu ikulowa mu nsapato umangozindukira sokosi yafiira, chakudya chikugwa kuchokera kumwamba ndege ikadutsa. Ndiye kumapeto amati kumeneko njovu zimagwira ntchito, munthu amakhala pakhosi pake nkumaiuza nyamula ichi ika apa, ikumanga mlatho ndi zipika. Apa pokha anthu pa bawo amagwa ndi phwete. Njovu? Yomwe ija ya ku Liwonde imatha chimanga m'minda nkupondanso mwini munda? Mpakana anawapatsa dzina, ankati a Kapitawo a njovu.

Chinaonjezera moto ndi aphunzitsi ena opuma a m'mudzi mwathu, munthu wa chizungu chake, tsiku lina anapempha kabuku ka discharge ka agogo nkuwerenga pagulu. Munalembedwa mamendulo 3, 1939-45 Star, Africa Star ndi War Medal, za Burma munalibe olo liwu limodzi. Iwo nkuti onse anafika ku Burma ali ndi nyenyezi yakeyake, inu yanu ili kuti? Basi nkhani inafala kuti mdala anathera ku Kenya kusenda mbatata kukhitchini ya azungu. Ineyo ndinaseka nawo, ndisaname. Kusukulu ndinkawayeseza ndi mawu awo omwe, anzanga nkumandigulira zitumbuwa kuti ndibwereze ya njovu ija.

Nde chaka cha ulova chija tsiku lina agogo ali ku tchalitchi ndinatsegula thiranki yawo yachitsulo. Ndinene chilungamo, ndinkafuna mamendulo aja, winawake anandiuza kuti kuli azungu amagula zakale ngati zimenezi ndipo ine mthumba munali mbee. Ndinawapeza mu kachitini ka fodya atakulungidwa ndi kansanza. Pansi pake panali timabatani tiwiri tapakhosi tija asilikali ankavala, kofiira ndi kobiriwira, pali nambala yoyamba ndi DN. Mu buku la nyimbo lothothoka munali kapepala kachikasu kopindidwa kanayi, ka kuchipatala cha asilikali, kolembedwa ndi pensulo, malungo, Novembala 1944, ndi dzina la malo, Tamu. Ine Tamu sindimamudziwa. Koma poti ndinali nditagwirako ntchito ya ma risiti mu shopu diso langa linazolowera manambala, ndinaona kuti nambala ya pa kapepala ndi ya pa timabatani ndi imodzi, koma ya mu kabuku ka discharge manambala awiri apakati asinthana malo. Ndinayang'ana kanayi. Zogulitsa zija ndinaiwala.

Madzulo ndinawafunsa, ndinayamba ndi kupepesa kuti ndatsegula thiranki. Anangoti, iwe ndimakudziwa, unkafuna fodya kapena ndalama? Nditawauza za nambala anakhala chete kanthawi kenako anati, zimenezo ndinanena kalekale mu 1946 pomwe ankatibalalitsa, kalaliki anandiuza kuti pita kumudzi zotsalazo zibwera kudzera kwa DC. Ndinapita kwa DC kawiri, kachitatu ndinaona kuti ndikutha nsapato. Ndinati nanga bwanji agogo osawaonetsa anthu aja kapepalaka? Anati, mdzukulu wanga, ine ndi pepala wamkulu ndani? Maso awo nthawi imeneyo anali atayamba kale ng'ala, kapepalako mwina anali atakaiwala kuti kali mu buku.

Sabata yotsatira ndinabwereka njinga kupita ku Zomba. Ndinalowa mu intaneti cafe, nthawi ija timalipira pa mphindi ndipo tsamba limodzi kuti litseguke umatha kukagula chimanga chootcha nkubwera, ndinalemba Tamu Burma 1944. Abale. Tamu ndi tauni ya kumalire a India ndi Burma, polowera chigwa cha Kabaw. Ndinawerenga za 11th East African Division, momwe munali mabataliyoni a Nyasaland, Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Northern Rhodesia, kuti anapita ku Ceylon mu 1943, nkulowa mu chigwa chimenechi mu 1944 nthawi ya mvula yeniyeni akuthamangitsa Majapani, mpaka anafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu Disembala. Chigwacho chinali chotchuka ndi malungo. Kenako chithunzi chinatseguka pang'onopang'ono kuyambira kumwamba, mutu wa munthu, kenako makutu aakulu, kenako chitamba chitanyamula chipika. Ndinakhala duu mpaka mtsikana wa pa cafe anabwera kudzandigwira paphewa kuti achimwene nthawi yanu yatha.

Kuyambira apo ndinasanduka loya wa agogo wosalipidwa kkkk. Ndinapita ku nyumba za asilikali okalamba zija zili pafupi ndi Cobbe Barracks, ambiri timangodutsa pa chipilala cha wotchi chija pa minibasi osadziwa kuti chapafupi pomwepo pali madala omwe anaona dziko kuposa tonsefe. Kumeneko anandilozera kwa bambo ena, sajeni wopuma, omwe ankathandiza ku bungwe la asilikali akale, lija limagulitsa timaluwa tofiira mu Novembala. Munthu wodekha, wolemba bwino. Anandifotokozera kuti Burma Star inkaperekedwa kwa amene anagwira ntchito ya nkhondo ku Burma pakati pa 11 Disembala 1941 ndi 2 Seputembala 1945, ndipo ngati kapepalako ndi koona ndiye kuti mendulo ndi yawo, palibe zopempha apa. Koma anati ofesi ya mamendulo ili ku UK, iwo sadziwa agogo ako, amadziwa nambala.

Tsiku lina ndinawatenga agogo pa njinga ya kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka Zomba, kuti sajeni aja awaone. Anawakhazika pa khonde ndi mdala wina wa konko, wopanda mano, naye wa ku Burma. Poyamba ankangoyezana ngati atambala, uyu kufunsa munawolokera pati, uyu kufunsa nyulu zanu zinafera pati, akusakaniza Chinyanja chakale ndi Chiswahili chosweka, kenako ndinangoona onse akuseka misozi ili mbwembwembwe pa nkhani ya bisiketi zolimba zomwe amati umayenera kuziviika mu tiyi kuyambira dzulo. Ine chibadwire ndinali ndisanaonepo agogo akukamba za Burma munthu wina akugwedeza mutu kuvomera.

Zamapepala ndidutse mwachangu chifukwa zimatopetsa. Fotokope ya kabuku, ya kapepala, chithunzi cha timabatani, kalata ya amfumu yachidindo yonena kuti mayina awiriwa ndi munthu mmodzi, poti mu kabuku kalaliki analemba dzina la bambo awo ngati lawo komanso pomwe pali l anaika r, zomwe zija za azungu ndi mayina athu. Kenako kulumbira kwa komishonala, agogo nkudinda chala. Mayi anagulitsa nkhuku 4 kuti zonsezi zitheke, akudandaula njira yonse kuti mendulo sadyera nsima.

Yankho loyamba linabwera patatha miyezi 7. Anakana. Anati mbiri ya nambala imeneyi sikuonetsa kuti mwini wake anafika ku Burma. Ndinakwiya, ndinatukwana atsamunda onse ndi agogo awo omwe, mpaka sajeni aja anatulutsa fotokope ya fomu yomwe ndinadzaza ndekha nkundilozera ndi cholembera osayankhula. Pa bokosi la nambala ndinali nditakopera ya mu kabuku. Yolakwika ija. Zaka zonse zija kalaliki wa 1946 ndinkamunena kuti chitsiru, ine Fomu 4 yanga yonse nkubwereza zomwezo. Nambala imeneyo inali ya munthu wina, mwina wa ku Mulanje kapena ku Ntcheu, yemwe mbiri yake agogo anayenda nayo mu thiranki zaka zoposa 60.

Tinalembanso, ulendo uno sajeni anagwira cholembera okha, ine ntchito yanga inali kunyambita sitampu basi. Pomwe tinkadikira ndinkawafunsa agogo zambiri usiku, ndipamene anandiuza za ndalama yomwe analandira pobwera, amati inangokwana njinga, bulangete ndi nsalu ya agogo aakazi. Patapita zaka, mu 2019, ndinadzawerenga mu nyuzi kuti pa ndalama ya pobwerayi msilikali wamba wachizungu ankapatsidwa masheleni 10 pa mwezi ulionse womwe anagwira, wakuda masheleni 3 ndi theka. Chipolopolo cha Mjapani chinkasankha khungu ngati? Koma imeneyo ndi nkhani ina, ndikaiyamba apa sitimaliza.

Kalata yachiwiri inafika mvula itangoyamba, anthu ali kalikiliki kudzala. Inadzera kwa sajeni, anandiimbira pa foni ya mnzanga wa pa golosale kuti bwera ndi mdala. Munali kalata ya tsamba limodzi yonena kuti apeza mbiri ya nambala yolondola ija, dzina likugwirizana, ndipo mwini wake akuyenera Burma Star. Ndi kabokosi kakang'ono. Nyenyezi ya nsonga 6, kansalu kake kofiira pakati, m'mbali mwa buluu wakuda muli timizere ta olenji. Kumbuyo kulibe dzina, sajeni anati za nkhondo imeneyi zinkabwera choncho. Agogo anaipapasa ndi zala nsonga imodziimodzi, anainunkhiza, nkuti yopepuka bwanji. Kenako anati werenga kalatayo. Ndinawerenga. Anati bwereza. Ndinabwereza. Anati chabwino, kachitatu ukawerengera kwathu.

Loweruka masana anavala jekete lawo lakuda lija la ku maliro, mamendulo onse 4 pachifuwa, ine ndikuwagwira dzanja mpaka pansi pa mtengo wa mango pa golosale pomwe pamakhala bawo. Aphunzitsi aja anali atamwalira chaka chapitacho, izi zinandiwawa kuposa mwini wake. Koma ena onse analipo. Agogo anati imirira apo, yamba chizungu chake kenako umasulire, usadumphe nambala. Ndinawerenga mawu akunjenjemera, nditafika pa Burma ndinakweza dala. Anthu anangoti zii, wina akuyang'ana pansi wina akukanda m'mutu. Kenako bambo wina anafunsa kuti nanga ndalama zake zibwera liti? Agogo sanamuyankhe. Anakhala pa benchi, anapapasa bawo mpaka anapeza nyumba yawo, nkuti, nde paja njovu ija ndinakuuzani kuti inali yaikazi?